Mapesi Okha Sakwanira Nkhosa M'chilimwe

Kwa alimi a ku Chongwe ndi Kafue, msipu ukauma mu Ogasiti chotsala ndi mapesi a chimanga. Vuto lake mapuloteni: mapesi amakhala ndi pafupifupi 5 peresenti, pomwe tizilombo ta m'chifu timene timagaya udzu timafuna osachepera 7. Mapuloteni akaperewera, chakudya chimachedwa m'mimba, nkhosa imadya pang'ono n'kumaonda chodyera chili chodzaza.

Sakanizani mapesiwo ndi masangwi a nshawa kapena khobwe, gawo limodzi pa magawo awiri a mapesi. Nkhosa ya makilogalamu 30 imadya pafupifupi kilogalamu imodzi ya zouma patsiku.

Nkhosa ndi yosankha zedi. Mukaponya zathunthu imatola masamba okoma, mapesi n'kuwapondaponda. Duladulani zonse ndi chikwanje, zidutswa za masentimita 3 mpaka 5.

Ambiri amalakwitsa poyanika. Masangwi akapsa ndi dzuwa masamba amayoyoka, chikhalirecho mapuloteni ambiri ali m'masambamo. Yanikani pamthunzi, sungani pathandala. Achuku tayani, musawaumirire.

Yambani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Mchere wonyambita wa ng'ombe ayi: kopa wake amawononga chiwindi cha nkhosa.