Mkango wa ku Wembley: pomwe ndafika ndi zinthu za chionetsero cha 1924

Bokosi langa la zinthu za British Empire Exhibition layamba kulemera tsopano, nde ndati ndilembeko pomwe ndafika tisanalowe m'nyengo yozizira, chifukwa kukangozizira kuno ku UK ma car boot sale ambiri, misika ya katundu wakale yomwe anthu amagulitsira m'mabuti a galimoto zawo, amatseka ndipo kusaka kumatsalira pa eBay basi, komwenso mitengo imakhala yokwera chifukwa ogulitsa ake amadziwa bwino chomwe ali nacho m'manja.

Kwa amene simunamveko, ichi chinali chionetsero chachikulu chomwe chinachitikira ku Wembley, kumpoto chakumadzulo kwa London. Anatsegula ndi mfumu George V pa 23 April 1924, chinatseka mu November, kenako anachitsegulanso pa 9 May 1925 mpaka 31 October chaka chomwecho. Malo ake anali maekala 216 ndipo zaka ziwirizo munalowa anthu pafupifupi 27 miliyoni. Tangoganizani Trade Fair ya pa Chichiri koma itakula kukhala tauni yathunthu yokhala ndi misewu yake, nyanja yokumba, njanji yake ndi positi ofesi yake, ndipo dziko lililonse lomwe linali pansi pa Britain, kupatula ochepa chabe, litabweretsa katundu wake kudzaonetsa. Sitediyamu yakale ya Wembley ija ya nsanja ziwiri inamangidwira chionetsero chomwechi, kungoti inatha msanga nkuyamba ndi fainolo ya FA Cup ya 1923, Bolton ndi West Ham. Ambiri okonda mpira sadziwa zimenezo.

Chachikulu mwezi uno ndi masitampa. Ndakwanitsa seti yonse ya anayi. Awa ndi masitampa oyamba achikumbutso omwe Britain inatulutsa, anajambula ndi Harold Nelson, pali mutu wa mfumu mbali ina ndi mkango mbali ina. Ya 1d ndi yofiira, ya 1½d ndi yabulauni. A 1924 ndinali nawo kale, savuta, koma a 1925 ndi omwe amathawa, chithunzi ndi chomwecho anangosintha chaka basi koma anagulidwa ochepa poti chaka chachiwiri anthu anabwera ochepa, nde mtengo wake lero ndi wina. Ya bulauni ya 1925 yomwe ndapeza ili ndi kachipsera ka hinji (kapepala komatira sitampa mu alubamu) kumbuyo, ena a masitampa akanaikana, ine sindisamala kwenikweni bola mano ake onse alipo ndipo mtundu sunasuluke. Poyamba masitampa amenewa ankagulitsidwa mkati mwa chionetseromo mokha, ndiye ukapeza positikhadi yokhala ndi sitampa imeneyi komanso chidindo cha Wembley umadziwa kuti munthuyo anaimadi pamenepo, anagula khadi, kulemba, kumata sitampa nkuponya pompo. Zoterezi ndi zomwe ndimazikonda kuposa sitampa yatsopano yosagwirapo ntchito.

Mkango winawo, uja wa mizere mizere woima chammbali amene anajambula F. C. Herrick, ndiye uli paliponse. Pa masupuni, mabaji, makapu, timbale, zitini za tiyi, mamendulo, ngakhale pa zidindo za positi. Ndagula supuni imodzi ndi kabaji ka enamelo kwa agogo ena achizungu omwe amagulitsa katundu wa malemu mchemwali wawo, ndipo ndaganiza kuti za mkango ndilekere pomwepa. Zilipo zambirimbiri, munthu ukhoza kuthera ndalama zonse pa masupuni okhaokha osaphunzirapo kanthu katsopano.

Ndalama ndikufuna zipite ku zithunzi. Mapositikhadi ambiri omwe ndili nawo ndi a Fleetway Press, zithunzi zake zojambulidwa ndi a Campbell Gray, ndipo ndayamba kuwasanja potengera malo osati potengera kampani yomwe inasindikiza, kuti ukamatsegula alubamu uzikhala ngati ukuyenda ndi mapu a chionetserocho. Uyambe ku Palace of Industry ndi Palace of Engineering, zinyumba zikuluzikulu za konkire zomwe injiniya wake anali Owen Williams, mkati mwa ya Engineering ndi momwe anaimika injini ya sitima ya pamtunda yotchedwa Flying Scotsman pafupi ndi inzake Caerphilly Castle ya kampani ya njanji ya Great Western. Kenako utsikire kunyanja, Canada ndi Australia, India ndi nsanja zake, Burma ndi matabwa ake osemasema. Khadi ya Prince of Wales, mwana wa mfumu, wosemedwa ndi batala ataima pambali pa hatchi yake m'chipinda chozizira cha ku Canada ndinaipeza, aliyense amene amaiona amayamba wakana kuti si batala. Ndapezanso ya Never-Stop Railway, sitima yopanda dalaivala yomwe sinkaima ngakhale pa siteshoni. Pansi pa njanji panali chitsulo chachitali chopotana chomwe chinkazungulira, pomwe mapotedwe ake ali otalikirana mabogi ankathamanga, pa siteshoni mapotedwe ali othinana nde bogi inkayenda pang'onopang'ono mpaka munthu kukwera kapena kutsika ikuyenda. Nzeru imeneyo mpaka pano imandigometsa.

Koma chomwe ndinayambira zonsezi ndi Nyasaland, ndipo apa ndi pomwe ntchito ikuyenda mochedwa. Dziko lathu linalibe nyumba yakeyake, linali ndi chigawo chake mkati mwa nyumba ya East Africa, yoyera yomangidwa mwachiarabu, limodzi ndi Kenya, Uganda, Tanganyika, Zanzibar ndi ena. Makhadi oonetsa kunja kwa nyumbayi alipo ambiri ndipo ndili nawo angapo, wina wopakidwa mitundu ndi manja. Choonetsa mkati, mbali yathuyo, ndi chomwe ndikusakabe. Ogulitsa ukawafunsa za East Africa amatulutsa Kenya, minyanga ndi mitu ya nyama, ukati Nyasaland ena amayamba afunsa kuti kumeneko nkuti.

Ndimafuna chithunzi chimenecho chifukwa ndikudziwa zomwe zinali kuseri kwake. Nyasaland inapita ku Wembley kukatsatsa fodya, tiyi ndi thonje, ndizo zomwe dziko linkagulitsa kunja, ndipo fodya wochokera m'maiko a ufumuwo anali atayamba kale kulipira msonkho wotsikirapo polowa mu Britain kuyambira 1919, nde azungu a minda ya ku Shire Highlands ankafunitsitsa kuti ogula a ku London amuone. Ndi zaka zomwezo fodya wa chikopa anayamba kufalikira m'midzi ya ku Lilongwe. Tsono taganizani ulendo wa belo limodzi. Lichoke ku Limbe pa sitima, litsike mpaka Port Herald yomwe ndi Nsanje lero, lipitirire ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, pamenepo mlatho kunalibe poti wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935, nde katundu amatsitsidwa nkuwolotsedwa pamadzi, kutsidyako akwezedwenso pa njanji ya Trans-Zambezia yomwe inali itangotsegulidwa mu 1922 mpaka ku Beira, kenako sitima ya pamadzi masabata angapo. Paliponse pamenepo pali misana ya anthu athu. Ndipo amene analima fodyayo ambiri anali a thangata, kugwira ntchito pa esiteti ya mzungu m'malo mwa lendi ya malo omwe akukhalapo, msonkho wa nyumba uli pakhosi, zaka 9 zokha chichitikireni nkhondo ya John Chilembwe ya 1915 yomwe nkhani ya thangata inali pakati pake. Mlendo wa ku Wembley amalipira 1s 6d pageti, amaona masamba a fodya osanjidwa bwino, za thangata samazimva. Ine ndikamagwira makhadi amenewa ndimaona zonse ziwiri, kukongola kwa nyumbazo ndi thukuta la agogo athu lomwe silinalembedwe pa khadi, ndipo sindikufuna kutaya chilichonse mwa ziwirizi.

Pali gulu lina la makhadi lomwe ndinalingalira nthawi yaitali ndisanayambe kugula, la West Africa. Kumeneko anamanga mudzi wa mpanda wofiira ngati wadothi, Nigeria, Gold Coast ndi Sierra Leone, ndipo anabweretsa anthu enieni, oluka nsalu, osula, oumba mbiya, osema, kuti azigwira ntchito zawo anthu akuonerera. Mawu omwe amasindikizidwa pansi pa zithunzi zina ndi onyoza, sindingawabwereze pano. Manyuzi ena a ku London analembanso zachipongwe za anthuwa, ophunzira a ku West Africa omwe anali mu mzindawo anakwiya nkudandaula poyera, mmodzi wa iwo Ladipo Solanke wa ku Nigeria, yemwe mu 1925 pamodzi ndi Herbert Bankole-Bright anayambitsa West African Students' Union. Nditawerenga zimenezo ndi pomwe ndinaganiza kuti makhadiwa ndiziwagula ndithu. Anthu ali pa zithunzipo anali amisiri, ukakulitsa chithunzi umaona mmene mayi wagwirira mbiya, mmene bambo wakhalira pa choluka chake, ndi anthu odziwa ntchito yawo. Kuwasiya m'bokosi la ogulitsa pansi pa mawu onyozawo ndi komwe ndikuona kuti nkulakwa.

Nde kusikana makhadi pa sikana ndikuchita motere. Khadi iliyonse mbali zonse ziwiri pa 600 dpi, sindikonza mtundu, sindifufuta madontho, chikhale mmene chilili. Mawu osindikizidwa pa khadi ndimawalemba ndendende mmene alili ngakhale akhale oipa, chifukwa umenewo ndi umboni, kenako pansi pake ndimaika mawu anga m'Chichewa ndi m'Chingerezi ofotokoza chomwe chikuoneka, nyumba yake, chaka ngati chidindo chikuwerengeka, ndi kampani yosindikiza. Dzina ndi keyala ya wolandira ndimabisa pa kope yomwe ndimagawa, mwina zidzukulu zawo zilipo. Kumbuyoko ndi komwe kumakoma, ambiri amangodandaula mvula ndi mapazi kupweteka, ena amauza achibale kuti tsiku limodzi silikwanira, wina analemba za mgodi wa malasha wongoyerekeza womwe anthu ankatsikamo, wina za manda a Tutankhamun ongopanga omwe anali kumalo a masewera. Pa makhadi onse omwe ndawerenga, za anthu a mu Africa omwe anawaona amatchula mwa apo ndi apo, mzere umodzi basi.

Mafaelowo ndimatumizira mlamu wanga yemwe amaphunzitsa mbiri ku sekondale ina kumudzi, pa WhatsApp ngati document kuti asachepe mphamvu. Akuti ana a Fomu 3 anakangana kalasi yonse pa chithunzi cha nyumba ya East Africa, funso lawo linali loti nchifukwa chani dziko lathu analiika m'nyumba yachiarabu. Funso labwino kwambiri limenelo, ndipo ndi phindu lomwe ndimafuna, kuti zinthuzi zisamangokhala m'kabati mwanga muno. Amene mukufuna mafaelo ndiuzeni ndikutumizireni, ndi aulere, bola osadula mawu ofotokoza aja mukamagawa kwa ena.

Pa kasungidwe, mwachidule. Selotepi ayi, guluu ayi, kulamineta ayi ndithu, khadi yolaminetedwa yatha basi. Timatumba tapulasitiki tikhale topanda PVC, mapepala a alubamu akhale opanda asidi. Nyumba za kuno zimakhala ndi chinyezi nde bokosi ndalichotsa pafupi ndi khoma lakunja, makhadi awiri omwe ndinagula ali kale ndi fungo la chuku ndawapatula mu envelopu yawoyawo. Kuti mudziwe ngati khadi ndi chithunzi chenicheni chotsukidwa kapena chosindikizidwa pamakina, tengani galasi lokulitsa, chosindikizidwa chimaoneka timadontho, chenichenicho chimakhala chosalala ndipo ndi chomwe chimatulutsa nkhope za anthu bwino ukasikana.

Ndinapitanso ku Wembley Park ndi mapu a 1924 m'manja kuyesa kulondola pomwe zinthu zinali. Zatsala zochepa kwambiri, nsanja ziwiri zija zinagwetsedwa mu 2003, sitediyamu yatsopano inatsegulidwa mu 2007, chidutswa chomaliza cha Palace of Industry chinachotsedwa mu 2013, pano ndi mafulati ndi mashopu. Maina a misewu ngati Empire Way ndi Engineers Way ndi omwe akukumbutsa. Ndajambula malo angapo ndi foni nditaima moyerekeza pomwe wojambula wakale anaima, ndiziika pambali pa makhadi ake mu alubamu.

Mwezi wamawa ndikufuna ndikafike ku Brent Museum and Archives ku Willesden Green, amasunga zambiri za chionetserochi, ndikapemphe kuona chilichonse chokhudza nyumba ya East Africa. Ndalemberanso ogulitsa makhadi angapo kuti akaona mawu oti Nyasaland pa chilichonse cha Wembley, kaya khadi, kaya kabuku kotsatsa fodya, kaya lebulo ya tiyi, andisungire. Ndipo ndatsegula tsamba latsopano kumapeto kwa alubamu la chionetsero china chomwe chimatikhudza mwachindunji, Rhodes Centenary Exhibition ya ku Bulawayo ya 1953, chaka chomwe chitaganya chinayamba. Sitampa ya 6d ya Nyasaland ya chionetserocho ndayitanitsa kale, ya Northern Rhodesia ndi ya Southern Rhodesia ndizisaka pambuyo. Abale athu ambiri ankagwira ntchito ku Bulawayo nthawi imeneyo, nde inu a ku Zimbabwe ndi amene muli ndi makolo omwe anali matchona, tayang'anani m'masutikesi akale aja, tikiti, baji, chithunzi cha pageti, chilichonse, mungondijambulira ndi foni mbali zonse ziwiri, chenichenicho chikhale kwanu konko.