Zitini zitatu za alamu: mmene ndinalawira mowa wowawa pakhonde ku Chitakale

Ntchito yanga ndi yolawa tiyi. Kwa zaka 14 tsopano, mmawa uliwonse ndimaima kutsogolo kwa makapu oyera ondandalikidwa patebulo lalitali m'fakitale ina kuno ku Mulanje, supuni kudzanja, kukokera tiyi m'kamwa mwaphokoso, kulavula, kulemba. Abale onse amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake alamu anga, amene amagwira ntchito ku Cape Town, atafika mwezi wa June anatsegula chikwama n'kutulutsa zitini zitatu zokulungidwa m'jekete, nati, "Alamu, paja inu mumati lilime lanu ndi lakuthwa. Talawani ichi mundiuze."

Pachitinipo panalembedwa Double IPA, 8%, 440ml. IPA ndi chidule cha India Pale Ale, mtundu wa mowa.

Chitini choyamba ndinachiwononga ndekha. Madzulo omwewo tinali ndi kanyenya wa mbuzi wothira kambuzi wambiri, poti mlendo wabwera. Ndinaponya chitini mufiriza mpaka chinachita chisanu kunja, ndinatsegula, n'kupendeketsa khosi monga timachitira ndi Green. Chimene ndinamva ndi ndulu yokhayokha, ndipo tsabola uja anayaka kawiri m'kamwa. Ndinati, "Alamu, mowawu wawonongekera panjira." Iwo anapukusa mutu. "Sunawonongeke ayi. Mwaumwa mothamanga, wozizira kwambiri, pakamwa pali moto."

Mawu amenewo anandikhudza, chifukwa anali oona. Kuntchito sindingalole mwana wophunzira kuyandikira makapu atangodya tsabola kapena kusuta fodya. Ndinaupatsa mowawo chiweruzo chimene sindikanapatsa tiyi wa munthu aliyense. Ndinaika zitini ziwiri zotsalazo m'munsi mwa firiji, choimika, n'kudzipatsa sabata yathunthu.

M'sabata imeneyo ndinafuna kudziwa kaye kuti kuwawako kukuchokera kuti. Mowa wamtunduwu uli ndi zinthu zinayi basi: madzi, chimera cha balere, yisiti ndi hops. Chimera tonse timachidziwa, ndi chomwe amayi amaumitsa pamphasa akafuna kuphika thobwa kapena masese, kungoti chathu chimakhala cha mawere, mapira kapena chimanga. Chachilendo ndi hops. Ndi chomera choyanga ngati kalongonda, chimakwera zingwe mpaka mamita 6 kapena kuposa, ndipo chachikazi chimabala timaluwa tobiriwira tolukanalukana. M'kati mwa timaluwato muli kaufa kachikasu, komata m'zala, kotchedwa lupulin. Akawiritsa hops nthawi yaitali limodzi ndi madzi a chimera, mowa umawawa. Akathira kumapeto kwa kuwiritsako, kapena mowa utasasa kale, kuwawa kumachepa koma fungo limatsala lonse. Opanga IPA amachita zonse ziwiri, ndipo sathira mwaumbombo.

Kuno kwathu hops sangachite bwino, chifukwa amafuna masiku otalika a chilimwe cha maiko akutali ndi equator. Ku South Africa amalimidwa chakumwera kwenikweni, kufupi ndi tauni ya George m'mphepete mwa mapiri a Outeniqua. Chitini changa chinatchula mitundu iwiri: Southern Passion ya komweko, ndi Citra ya ku America.

Mowa wa India Pale Ale unachokera ku England. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, George Hodgson wa ku Bow mumzinda wa London ankatumiza mowa wa hops wambiri ku India pa zombo zozungulira ku Cape, ulendo wa miyezi ingapo, ndipo hops ankathandiza kuti mowa usawole. Kenaka ofulula a ku Burton upon Trent anailanda ntchitoyo, madzi a kwawo okhala ndi mchere wa m'miyala wotchedwa gypsum akuthwetsa kuwawako. Koma uwu wa Double, wa hops ndi mphamvu zochulukirapo, ndi wa dzulodzuloli: ambiri amati anauyamba ndi Vinnie Cilurzo ku Temecula, California, mu 1994. Ine zinandigwira mtima kuti zombo zomwe zinkanyamula mowawo zinkadutsa pa Cape pomwe alamu anagula zitinizi.

Loweruka linafika ndi chiperoni. Phiri lonse linabisala mu nkhungu, kamvula kowaza kakugwa pamasamba a tiyi kuseri kwa nyumba. Nkhomaliro ndinadya nsima ya nandolo, yopanda tsabola, ndipo ndinadikira maola awiri. Sindinatsuke mano ndi mankhwala, sindinadzole mafuta onunkhira. Patebulo la pakhonde ndinaikapo kope langa, kapu ya madzi, ndi galasi.

Nkhani ya galasi musaipeputse. Fungo silingatuluke pakabowo ka chitini, ndipo mowa uwu theka lake ndi fungo. Ndinatenga galasi la vinyo limene tinalandira paukwati, lotakata m'mimba, lopapatiza kukamwa. Ndinalitsuka n'kulitsukuluza katatu, chifukwa kasopo kapena kamafuta kotsalira kamapha thovu. Chitini ndinachitulutsa mufiriji n'kuchisiya patebulo mphindi 15. Mowa wotere umafunika ukhale cha m'madigiri 8 mpaka 12. Ukazizira kwambiri fungo limagona, kutsekemera kumabisala, kuwawa kokha n'kumene kumatsala poyera, ndipo ndi zimene zinandichitikira tsiku lija.

Ndisanatsegule ndinatembenuza chitini kuona kunsi. Tsiku lothira linasonyeza kuti papita miyezi itatu. Ndinalemba zimenezo pamwamba penipeni pa tsamba, chifukwa fungo la hops limafwifwa ndi nthawi komanso kutentha, ndipo zitinizi zinadutsa ku Tete m'basi. Ubwino wa chitini ngwakuti kuwala sikulowa. Dzuwa likamenya mowa wa hops m'botolo loyera kapena lobiriwira, umayamba kununkha ngati kanyimbi.

Tswii! Ndinapendeketsa galasi n'kuthira m'mbali mpaka theka, kenaka ndinaliimika n'kuthira pakati kuti thovu likwere. Linakwera zala ziwiri, loyera mopita kuchikasu, lothinana ngati la mkaka wongokama kumene. Nditakweza galasi kuloza kumene kunali kuwala, mowawo unali wa mtundu wa uchi wa m'nkhalango, wofiirira pang'ono, ndipo chala changa kuseri kwa galasi chinkaoneka mwa mbuu. Poyamba ndinakayika, poti tinazolowera mowa woyera mbee. Kenaka ndinakumbukira kuti tiyi wamphamvu akazizira m'kapu amachitanso chifunga chimene timachitcha cream, ndipo ife timakondwera nacho. Mu mowa chifungacho chimabwera pamene zinthu za mu hops zagwirana ndi za m'chimera. Si litsiro ayi.

Tsopano mphuno. Apa ndi pamene ndinakhalitsa, ndipo ndikanatha kukhalapo madzulo onse. Ndinaphimba galasi ndi chikhatho, kulizunguza kawiri, kuchotsa dzanja, n'kununkhiza katatu mwachidule, osati kukoka mpweya wautali, chifukwa mphuno imatopa msanga. Choyamba kufika chinali nanazi, osati mnofu wake koma makoko, monga limamvekera fungo pamsika wa Chitakale masana amayi akusenda. Kuseri kwake magalagadeya akupsa, aja okwinyika khungu. Nditazunguzanso kunabwera khoko la nyumwa, lija limakuthothera timadzi m'maso ukamalisenda ndi chikhadabo. Ndinachotsa mphuno, kupuma mpweya wa chiperoni, n'kubwereranso. Pansi pa zonsezo panali chinthu china chimene ndinkachidziwa koma dzina likundithawa. Ndinatseka maso. Mkungudza. Malemu bambo anga anali ndi kabokosi ka mkungudza kogula ku Likhubula, kosungiramo makalata ndi chiphaso cha ukwati, ndipo ukakatsegula kankatulutsa fungo la utomoni lomweli. Ndinakhala phee kwa kanthawi, galasi lili m'manja.

Mayi akunyumba anatuluka ndi mbale ya mtedza, ndipo ndinawapempha anunkhize. Iwo samwa mowa. Anati, "Bambo, mwathiramo juwisi kodi?" Ndinawaonetsa chitini: mulibe chipatso ngakhale chimodzi. Mafuta a mu hops ndi amene amanunkhira chonchi, ndipo ena mwa iwo amapezekanso m'zipatso ndi m'mitengo ya utomoni.

Kumwa kwake kunandivuta pa chinthu chimodzi. Pakamwa panga panazolowera kulavula. Tiyi timamukokera mwamphamvu kuti awazike m'kamwa monse, kenaka kunja. Mowa suweruzika choncho. Uyenera kumeza, chifukwa nkhani yake yaikulu imayamba utadutsa pakhosi, pamene fungo likubwerera m'mphuno ukamatulutsa mpweya. Ndinamwa pang'ono, kusunga m'kamwa kanthawi, kumeza, n'kutulutsa mpweya ndi mphuno pakamwa pali potseka.

Kumwa koyamba sindilembako kanthu, ngakhale kuntchito. Ndi kodzutsa lilime chabe. Kachiwiri ndi pamene zinayamba kulongosoka. Kutsogolo kunabwera kutsekemera kwa chimera, kofanana ndi khoko la buledi wotentha kapena thobwa limene langoyamba kupsa. Sikunachedwe. Kuwawa kunabwera pambuyo pake n'kukhazikika, ndipo ndinawerenga mumtima mpaka 40 kusanachoke. Kenaka kachifundizi kanatsika pachifuwa. Chitini chinati IBU 70, umene ndi muyeso wa kuwawa. Mowa wathu wamasiku onse wa lager nthawi zambiri umakhala cha m'ma 10 mpaka 25.

Pali kusiyana kumene ntchito ya tiyi inandiphunzitsa, ndipo pano kunandithandiza kwambiri. Kuwawa n'kwina, kumanga m'kamwa n'kwina. Kuwawa ndi kukoma kumene lilime limamva, ngati kaja koyera kam'kati mwa khoko la nyumwa. Kumanga ndi kuuma kwa nkhama ndi lilime, ngati waluma nthochi yosapsa kapena wamwa tiyi amene wagona nthawi yaitali m'ketulo. Kuwawa kwa mowawu kunali koyera, kolunjika, kosaopsa ngati kwa chinangwa chowawa kumene kumakuuza kuti lavula. Koma chakumapeto kwa kumeza kulikonse ndinkamva kakumanga kokanda kukhosi, ndipo ichi ndinachilemba ngati cholakwika. Kwa ine chimera chinachepa pang'ono. Chikanakhala ndi thupi lochulukirapo chikanaphimba kukandako.

Ndinamwa madzi, ndinatafuna mtedza wokazinga wamchere, n'kubwerera. Mchere ndi mafuta a mtedza anafewetsa kuwawa moti nanazi uja anamveka tsopano ndi lilime lomwe. Apa ndinamvetsa chifukwa chake kambuzi anandiwotcha kawiri: mowa wamphamvu sumazimitsa tsabola, umam'kolezera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita theka la ola, galasi litafunda ndi dzanja, mowawo unasintha. Zipatso zinabwerera m'mbuyo, mkungudza unabwera patsogolo, kutsekemera kunakula ngati shuga wopserera pang'ono, ndipo fungo la mowa weniweniwo, lija lolasa m'mphuno, linayamba kudzionetsa. M'madontho omaliza ndinapezamo kafungo ka katoni yonyowa, kakang'ono kwambiri. Chimenecho ndi chizindikiro cha mowa umene wayamba kukalamba, ndipo mlandu wake ndi wa miyezi itatu ija ndi kutentha kwa panjira, osati wa wofulula. M'mbali mwa galasi munatsala mizere ya thovu, umodzi pa kumwa kulikonse.

Ndiyankhule za mphamvu yake mosabisa, chifukwa fungo la zipatso limanamiza. Chitini cha 440ml pa 8% chili ndi mowa weniweni wokwana 35ml. Botolo la 330ml pa 5% lili ndi 16.5ml. Ndiye kuti galasi limodzi lija linali mabotolo awiri ndi kadontho pamwamba. Nditaimirira kuti ndikatenge juzi, miyendo inandiuza zimenezo masamu asanandiuze. Njinga yamoto inagona m'nyumba tsiku limenelo, ndipo wina aliyense amene angapeze mowa wotere ndikumupempha achite chimodzimodzi.

M'kope ndinalemba motere. Maonekedwe abwino, thovu lokhalitsa. Fungo ndiye chuma chake, lakuya, losintha ndi nthawi. Kuwawa kwamphamvu koma koyera, kupatula kukanda kwa kumapeto. Chimera chochepa pang'ono. Wakalamba panjira. Pa 10 ndinaupatsa 7, ndipo ndikukhulupirira kuti wongothira kumene ukanafika 8. Si mowa wa pa chinkhoswe kapena woonera mpira pagulu, pomwe botolo limatsatana ndi linzake. Ndi wa munthu amene ali ndi ola lathunthu ndi mpando.

Usiku ndinawaimbira alamu, anali atabwerera kale. Ndinawawerengera tsamba lonse, ndi za kabokosi ka bambo zomwe. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Mkungudza? Ine zaka zonsezi ndimangoti paini." Ndinati ulendo wina adzasankhe chitini chimene sichinathe mwezi, adzachiike pakati pa zovala, kutali ndi zenera la basi.

Chitini chachitatu sindimwa ndekha. Abambo amene anandigwiritsa supuni koyamba m'chipinda cholawira anapuma pantchito, ali kwawo kufupi ndi Luchenza, ndipo mphuno yawo mpaka lero imasiyanitsa tiyi wa mvula ndi wa chilimwe ali pakhomo. Ndawatumizira uthenga kuti Lamlungu likudzali asadye tsabola pa nkhomaliro. Ndidzakwera minibasi, chitini chili m'nsalu yonyowa, magalasi awiri nditawakulunga m'nyuzipepala.