Loweruka ndi Lamlungu ku Agra: mmene tinayendera kuchokera ku Delhi

Choyamba chimene ndinalakwitsa ndi tsiku. M'chaka changa choyamba cha maphunziro ku Delhi tinalibe makalasi Lachisanu, ndiye ine ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi tinapangana kuti tinyamuke tsiku limenelo m'mawa, tikaone Taj Mahal, nyumba yotchuka ya manda imene ili mumzinda wa Agra, tikagone konko n'kubwerako Loweruka. Mwayi wake tinatulira nkhaniyi mnyamata wina wa chaka chachitatu. Anaseka chikhakhali. Lachisanu Taj Mahal satsegulira alendo, chifukwa mkati mwa mpanda wake muli mzikiti umene anthu amapempheramo tsiku limeneli. Nayo sitima yothamanga imene tinkaifuna, Gatimaan Express, siyenda Lachisanu. Tinangosintha: kupita Loweruka m'mawa, kubwera Lamlungu madzulo.

Kugula tikiti ya sitima ku India ndi sukulu payokha. Umayamba watsegula akaunti pa IRCTC, webusaiti yogulitsira matikiti a sitima, n'kutsimikizira nambala ya foni ndi imelo. Ukalipira amakupatsa nambala ya PNR ya manambala khumi, ndipo pambali pake pamakhala zilembo zofunika kuziyang'anitsitsa. CNF ndiye kuti mpando ndi wako. WL ndiye kuti uli pamzere wodikira kuti wina asinthe maganizo, ndipo ukhoza kudikira mpaka sitima kunyamuka. Ulendo wa masiku awiri okha suyenera kupachikidwa pa WL, choncho ife tinagula kudakali milungu iwiri. Chinanso chimene chimasokoneza obwera kumene n'chakuti ku Delhi kuli masiteshoni angapo. Gatimaan imanyamukira pa Hazrat Nizamuddin, osati pa New Delhi, nthawi ya 8:10 m'mawa, ndipo imatenga mphindi pafupifupi 100 kukafika pa Agra Cantt. Ife tinapita kumapeto kwa Febuluwale. Mu Disembala ndi Januwale chifunga chimachedwetsa sitima kwa maola, komanso ukhoza kufika pa Taj n'kungoona mbuu.

Titangotuluka pa siteshoni, madalaivala a njinga zamoto za matayala atatu anatiunjirira ngati njuchi. Aliyense ali ndi hotela yabwino kuposa imene wasungitsa, aliyense ali ndi mlamu wake wogulitsa ziboliboli za mwala. Tinapita pa kanyumba kolipiriratu kamene kali panja pa siteshoni, kumene mtengo umalembedwa pa lisiti. Komabe m'njira dalaivala anayamba: tingodutsa pa sitolo ina, mphindi zisanu zokha, kungoona n'kwaulere. Ndinamuyankha ndi mawu amene Delhi inali itandiphunzitsa kale, akuti bhaiya, ndiko kunena kuti achimwene: "Bhaiya, hotela kaye." Anaseka n'kutisiya pakhomo.

Pa hotelapo m'pamene tinatuluka thukuta. Mlendo wochokera kunja akagona pa hotela ku India, eni ake amayenera kudzaza chikalata chimene ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti Form C, chimene chimafuna pasipoti ndi viza. Mnzanga uja anali atasiya pasipoti m'kabati poopa kuitaya, n'kungotenga chiphaso cha kusukulu. Bambo wa pa kauntala anapukusa mutu. Panadutsa ola lathunthu tikumuonetsa zithunzi za pasipoti ndi viza pafoni, iye akuimbira bwana wake, mpaka anatilola monyinyirika. Tengani pasipoti yeniyeniyo. Akhozanso kukufunsani imeneyi pa chipata cha Taj.

Tsopano chimene ndimauza aliyense wondifunsa: musathamangire ku Taj Mahal tsiku lofika. Masana a Loweruka kumakhala anthu osaponda pansi. Ife tinayamba ndi Agra Fort, linga la miyala yofiira limene mfumu Akbar inayamba kumanga mu 1565. Alendo amalowera pa Amar Singh Gate, ndipo mbali ina yaikulu ndi yotseka chifukwa akuigwiritsabe ntchito asilikali. Ukamayenda mkatimo umaona mwala wofiira wa Akbar ukusinthana ndi nsangalabwi yoyera ya mdzukulu wake Shah Jahan, ngati mabanja awiri osiyana zokonda akhala m'nyumba imodzi. Kumapeto kwake kuli kansanja ka makona asanu ndi atatu, Musamman Burj, koyang'ana mtsinje wa Yamuna. Mu 1658 Aurangzeb analanda ufumu n'kutsekera bambo ake Shah Jahan m'lingali, ndipo nkhalambayo inakhala momwemo mpaka inamwalira mu 1666. Ukaima chapafupi ndi kansanjako, Taj Mahal imaoneka chapatali, pa mtunda wa makilomita awiri ndi theka, yaing'ono ngati ungaiike pachikhatho. Umo ndi mmene ndinaionera koyamba, monga anaionera Shah Jahan, amene anaimangira mkazi wake, kwa zaka zisanu ndi zitatu, manda a mkaziyo ali poteropo koma osatha kupitako. Ndikanayambira ku Taj, bwenzi lingali nditangoliyenda mwa mwambo chabe, miyendo itatopa.

Madzulo tinawoloka mtsinje kupita ku munda wa Mehtab Bagh, kumene umaona Taj Mahal chakumbuyo dzuwa likulowa. Pobwerera tinagula petha, maswiti a mtundu wa dzungu amene Agra imatchuka nawo. Kwa ine anatsekemera mopitirira.

Matikiti a Taj tinagula usiku womwewo pa intaneti. Ife ochokera kunja tinalipira pafupifupi ma rupee 1,100 aliyense, pamene nzika za India zimalipira 50, ndipo kuti ulowe m'nyumba ya manda yeniyeniyo umawonjezera 200. Musaumire 200 ameneyo. Zipata amatsegula kutatsala mphindi 30 kuti dzuwa lituluke, choncho tinadzuka kudakali mdima n'kuyenda wapansi kupita ku chipata cha kum'mawa. Magalimoto otulutsa utsi saloledwa kuyandikira, poteteza mwala kuti usade. Amuna ndi akazi amaima mizere yosiyana, ndipo amasecha kwambiri: chakudya, fodya ndi miyendo yoimikira kamera sizilowa. Amene ananyamula zikwama zikuluzikulu tinawasiya akukangana ndi alonda. Tikiti ya alendo akunja imabwera ndi botolo la madzi komanso timatumba tovala kunja kwa nsapato, ndipo imakupatsa maola atatu.

Ukadutsa pa khomo lalikulu la mwala wofiira, nyumba yoyera ija imangoti mbee kutsogolo kwako, ndipo aliyense amaima pomwepo n'kutulutsa foni. Ife tinadutsa msanga, tinati zithunzi tijambula pobwerera. Shah Jahan anayamba kuimanga mu 1632, patapita chaka chimodzi mkazi wake Mumtaz Mahal atamwalira pobereka mwana wa nambala 14, ndipo ntchito yonse inatha cha mu 1653. Nsangalabwi yake inachokera ku Makrana, ku Rajasthan. Zithunzi sizikuuza kuti maluwa a pamakomawo si utoto. Ndi timiyala tamitundumitundu tosemedwa n'kulowetsedwa m'mwala woyerawo, moti ukayendetsa chala sumva pamene talumikizana. Nsanja zinayi za m'makona anazipendeketsa pang'ono chakunja, ndipo ukadziwa zimenezi maso sasiyanso kuziona.

Mkati mwa manda saloleza kujambula, ndipo muli kamdima. Mawu ang'onoang'ono amazungulira m'denga kwa nthawi yaitali. Mabokosi awiri amwala amene umaona ndi zizindikiro chabe, matupi ali m'chipinda chapansi. La Mumtaz lili pakati penipeni. La mwamuna wake analiika pambali pambuyo pake, ndipo m'nyumba imene chilichonse chili ndi chinzake mbali inayo, ilo lokha ndi limene lilibe.

Pomakwana 9 koloko khamu linali litasefukira, ife tikutuluka. Tinadya, tinagona pang'ono, n'kukakwera sitima yamadzulo pa Agra Cantt. Ku Fatehpur Sikri, mzinda wakale wa mfumu Akbar umene uli makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Agra, tinakusiya dala, chifukwa Lolemba m'mawa ndinali ndi mayeso amene ndinali ndisanawerengeko n'komwe. Ndinatsegula kope m'sitima, koma ndinadzidzimuka tikulowa pa Nizamuddin lili pa tsamba lomwe lija.