Thumba lobooka

Amene ananditsegula maso ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 7. Usiku wina ndili kakaka pa laputopu anabwera n'kundifunsa kuti, "Adadi, kodi Baibulo lanu lija linatayika?" Silinatayike ayi. Linali pashelefu, pansi pa mulu wa malisiti, pomwe ndinalisiya miyezi isanu m'mbuyomo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditayamba ntchito yachiwiri, yolembera anthu a mabizinesi ang'onoang'ono mabuku a ndalama ndikaweruka. Zifukwa zake zinali zomveka: fizi ya ana, ngongole ya galimoto, komanso khumbo lomanga nyumba yathuyathu kuti tisiyane ndi za lendi. Mulungu sindinamukane. Kutchalitchi ndinkapita, chopereka ndinkapereka, koma ulaliki wonse dzanja lili pa foni m'thumba. Pemphero la m'mawa linafupika mpaka linangotsala "zikomo Ambuye" kwinaku ndikumanga zingwe za nsapato. Ndinkadziuza kuti zinthu zikakhazikika ndibwerera. Makasitomala anali atatu, kenako asanu, kenako anafika 8. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Usiku womwewo ndinalipukuta fumbi, ndipo chifukwa cha kutopa ndinafuna buku lalifupi. Ndinagwera pa Hagai, la mitu iwiri yokha. Ndikanadziwa ndikanasankha lina.

Mneneri Hagai analankhula m'chaka chachiwiri cha mfumu Dariyo ya ku Perisiya, chaka cha 520 Yesu asanabadwe. Ayuda anali atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, maziko a kachisi atayala, koma ntchito inaima kwa zaka pafupifupi 16. Sanali anthu opembedza mafano. Ankangonena kuti nthawi yomanga nyumba ya Yehova sinakwane, pamene nthawi yokongoletsa nyumba zawo inkapezeka bwinobwino. Mawu amenewo anali anga enieni. Koma pamene panandilasa ndi pa Hagai 1:6: amafesa zambiri n'kukolola pang'ono, amadya osakhuta, amavala osamva kufunda, ndipo wolandira malipiro amawaika m'thumba lobooka. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, choncho ndinatenga pepala. Zolowa zinali zitakweradi, koma zotsala pakutha pa mwezi zinali chimodzimodzi ndi kale. Chimene chinachuluka ndi ukali wanga panyumba. Mayi a kunyumba anandiuza mosabisa kuti, "Bambo, masiku ano ana akamva galimoto yanu amathawira kuchipinda."

Pano ndinene zoona, chifukwa pali alaliki ena amene Mateyu 6:33 amausandutsa bizinesi: funa Ufumu, ndipo galimoto ndi nyumba zikutsatira. Werengani mavesi a pamwamba pake. Zimene Yesu akuti zidzawonjezedwa ndi chakudya, chakumwa ndi chovala, basi. Paulo nayenso pa 1 Timoteo 6:8 akuti tikakhala ndi chakudya ndi zovala, zitikwanire. Ndipo chimene akuchitcha muzu wa zoipa pa vesi 10 ndi kukonda ndalama, ngakhale ambiri timathamangira kuimba mlandu ndalamazo. Wosauka naye angathe kuzikonda koopsa.

Ndinasiya makasitomala asanu. Mmodzi anakwiya ndithu, ndipo sindimudandaula poti ndinamuuza mochedwa. Ndalama zinachepa, chozizwitsa sichinachitike, nyumba ija ikadali papepala. Nthawi zina ndikaona mnzanga wina atamaliza yake, kamtima kamawawabe.

Anthu a Hagai anayambanso ntchito yomanga kachisi patangotha masiku 23 uthenga utaperekedwa, motsogozedwa ndi Zerubabele bwanamkubwa wa Yuda ndi Yoswa mkulu wa ansembe. Ine zinanditengera miyezi iwiri kuti ndizolowere kudzuka 5 koloko n'kukhala chete ndi Mawu kwa theka la ola, foni ili kuchipinda china. Masabata oyamba ndinkangosinza. Tsopano ndili mu Marko, pang'onopang'ono, ndipo ndakhalitsa pa mutu 4, pa mbewu ija inagwera paminga. Inamera bwinobwino, kungoti sinabale.

Dzulo m'mawa ndinamva kaphazi kumbuyo kwanga. Anali mwana uja, atadzifunditsa bulangete, maso ali tulo. Anakwera pampando n'kunena kuti, "Adadi, werengani mokweza."