Katumbu wa kuseri kwa nyumba zathu

Ndakhala m'munsi mwa phiri la Mulanje kuyambira ubwana wanga, pamudzi wina woyandikana ndi Chitakale, koma kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti munthu wofuna kuona nyama zakutchire ayenera kukwera basi kupita ku Liwonde kapena ku Majete. Kamtsinje kamene kamatsika m'phiri n'kudutsa m'minda ya tiyi ndi kuseri kwa nyumba zathu ndinkangokaona ngati malo ochapira zovala, otsukira njinga ndi otayako zinyalala. Amene anandichotsa maganizo amenewa ndi amalume anga, amene anathera unyamata wawo wonse pa ntchito yonyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo tsopano mawondo akuyamba kuwakana. Tsiku lina ndikudandaula kuti ana anga amangodziwa nyama za pa zithunzi za m'mabuku a kusukulu, iwo anaseka n'kunena kuti, “Mphwanga, nyama sizinathe zonse ayi, chimene chinatha ndi maso ako. Mawa ulawire, tikayende limodzi kumtsinje.”

Unali mwezi wa Disembala, mvula yoyamba itagwa kale ndipo masuku atapsa. Tinanyamuka kusanache bwino, anthu opita kukathyola tiyi akuyamba kumene kutuluka m'nyumba, ndipo tinatsikira pansi pa kamlatho kamene ndakhala ndikuwoloka tsiku ndi tsiku osasuzumirako. Amalume anandiuza kuti tikhale pamwala osalankhula, ndipo ine ndinkaona ngati tikungotaya nthawi, popeza zimene ndinkaona zinali majumbo okodwa m'mizu ndi nsapato imodzi yakutha. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti chimene ndinkachiyesa chitsa m'madzi osaya chinali nantchengwa, mbalame yofiirira ya mutu wonga hamala, imene inkavundula matope ndi phazi limodzi kuti achule ndi mbululu zituluke, kenako n'kujompha mwachangu. Chisa chake chinali pa mphanda ya mkuyu, mulu waukulu wa timitengo ndi udzu woti munthu angauyese nkhokwe yaing'ono, wokhala ndi khomo limodzi cham'munsi. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti kulira kwa nantchengwa ndi malodza ndiponso kuti wophwasula chisa chake amaona zovuta, ndipo amalume ananena kuti mantha amenewo ndi amene aisunga mbalameyi pamene njiwa ndi nkhwali zinatha ndi malegeni a anyamata. Sindikhulupirira za malodzazo, komabe sindingalimbikitse mwana wanga kuti asiye kuchiopa chisacho.

Dzuwa litayamba kuwomba pamiyala, ng'azi yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu inakwera pathanthwe kudzawothera, ili pafupi kwambiri ndi pamene amayi amachapira. M'bango munali phokoso la mbalame zachikasu zoluka zisa zolendewera pamwamba pa madzi, ndipo atombolombo ofiira ndi abuluu ankangoti uku tera, uku uluka. Koma chimene amalume anandiitanira ndi dzanja, ngati munthu wapeza ndalama panjira, chinali kamulu ka ndowe pamwala wina wa pakati pa madzi, kodzaza ndi tizidutswa ta zikamba za nkhanu. Anati ameneyo ndi katumbu, amene amayenda usiku ndi m'bandakucha kusaka nkhanu pansi pa miyala, ndipo amakonda kusiya ndowe zake pamalo amodzimodzi. Pamchenga wonyowa panali mapazi a zala zisanu olowera m'madzi. Ndinaimirira pamenepo ndikumva wailesi ya m'golosale ndi hutala ya minibasi yoitanira anthu a ku Limbe, ndipo zinandivuta kuvomereza kuti nyama imene sindinaionepo chibadwire imadya chakudya chake pamtunda woti mwana angaponye mwala kuchokera pakhonde pathu.

Titayenda chokwera m'mbali mwa madzi tinaona bwino zimene mphepo ya mkuntho ya Freddy inasiya mu Malichi 2023. Pena kamtsinje kanasiya njira yake yakale n'kutsegula ina pakati pa dimba la munthu, ndipo miyala ikuluikulu imene inagubuduka kuchokera kumtunda ili pomwepo mpaka lero. Akuluakulu akaona zotere amati Napolo wadutsa, monga ananenera za chigumukire cha ku Phalombe mu 1991. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti pamene panatsala nsungwi, bango ndi mikuyu, gombe linalimba ndipo lidakali pamalo pake, koma pamene anthu analima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi kapena kukumba mchenga wogulitsa kwa omanga nyumba, nthaka inapita yonse. N'kosavuta kumudzudzula mnyamata wokumba mchenga uja ngati iwe wadya m'mawa. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo anthu ndife ochuluka pa malo ochepa, gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, ndipo banja limene lili ndi kamunda kongokwanira mizere yowerengeka silingasiye dala kachigawo ka chinyontho kuti mukhale bango la mbalame. Ndikudziwa zimenezi chifukwa dimba la amayi anga nalonso linafika pamadzi.

Chodabwitsa n'chakuti m'minda ya tiyi momwemo, m'makwawa momwe simungadzalidwe kanthu, ndi momwe mwatsala timizere ta nkhalango yachilengedwe, ta mibawa ndi mitengo ina ikuluikulu yokulungidwa ndi zilambe. Amalume anati nchima, anyani akuda aja okonda kukhala m'mwamba mwa mitengo, amayenda m'timizere timeneti ngati m'msewu kuchokera kuphiri. Ku Thyolo nkhalango ya paphiri inadulidwa pafupifupi yonse, ndipo kambalame kosowa kamene akatswiri anakatcha dzina la bomalo, Thyolo alethe, kakupulumukira m'tizigawo totere ndi m'nkhalango zotsala za kuno ku Mulanje. Alendo amachokera kutsidya kwa nyanja ndi magalasi awo oonera patali kudzafunafuna kambalame kameneka, pamene ife eni dera ambiri sitidziwa n'komwe kuti dzina la kwathu linalembedwa m'mabuku a mbalame a dziko lonse.

Cha m'ma 9 koloko tinabwerera kumsewu n'kukwera njinga zamoto za kabaza kupita ku Likhubula, ulendo wa makilomita pafupifupi 10 potsata msewu wa ku Phalombe. Pamenepo m'pamene pali ofesi ya za nkhalango ndipo m'pamene alendo ambiri amayambira kukwera. Nkhalango ya phiri la Mulanje inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, koma munthu asaganize kuti ukangodutsa pachipata ndiye kuti za kumudzi zatha. Tinakumana ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ana otola masuku m'mabeseni, ndi anyamata ogulitsa timabokosi tosema tonunkhira mkungudza. Amalume anapatsana moni ndi aliyense, ndipo anyamata operekeza alendo ankawatchula kuti “madala” mwaulemu, ena n'kuwalandira kathumba kawo.

M'munsi muno nkhalango yake ndi ya miombo ndi misuku, yowala bwino mkati, ndipo pansi ponse panali makoko ndi nthangala za masuku zimene apusi anataya. Apusiwo sanachedwe kuoneka, gulu lonse lili ndi ana okangamira pamimba, ndipo sankatiopa kwenikweni chifukwa anazolowera anthu. Pafupi ndi madzi, pamene mitengo imayamba kutalika ndi kuthithikana, tinamva kulira kokhosomola m'mwamba, ndipo amalume anangoti, “Nkhulukulu imeneyo, yang'ana ikamauluka.” Ikakhala pa nthambi mbalameyi imasowa m'masamba chifukwa cha kubiriwira kwake, koma itatambasula mapiko kudumphira pamtengo wina, kufiira kwa nthenga zake kunali ngati munthu wakupiza nsalu yatsopano. Mbalame zodya zipatso ngati imeneyi ndi zimene zimafesa mbewu za mikuyu ndi mitengo ina m'mphepete mwa mitsinje, kotero kuti mkuyu wa nantchengwa uja kwathu mwina unachokera m'mimba mwa mbalame ya kuphiri kuno.

Panjira ndinatsala pang'ono kuponda nanzikambe amene ankawoloka mwa kayendedwe kake kokayikakayika. Ndinalumpha ngati mwana, pakuti mantha a nanzikambe tinayamwira, ndipo nthano ija yakuti iye anachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa tonse tinaimva kwa agogo. Amalume anamunyamula ndi kamtengo n'kumuika pa chitsamba, akundiseka kuti munthu wophunzira ndikuopa kanyama kopanda ululu. Amene tinamuonayo anali wamba, wopezeka paliponse m'midzi. Koma m'nkhalango yonyowa ya m'chigwa cha mtsinje wa Ruo, kumbali ina ya phiri lomweli, muli mtundu wina wa nanzikambe wosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo akatswiri a sayansi pofuna dzina la gulu lake anatenga mawu a chinenero chathu n'kulitcha Nadzikambia. Ndinasangalala nditadziwa zimenezi, ngakhale kuti kumugwira ndi manja sindinayesebe.

Tinafika pa Dziwe la Nkhalamba titayenda pafupifupi ola limodzi ndi theka, ulendo umene achinyamata amautha msanga kuposa pamenepo, chifukwa amalume ankapumira pafupipafupi. Apa mtsinje wa Likhubula umagwa kuchokera pathanthwe n'kulowa m'dziwe lakuya la madzi ozizira kwambiri ngakhale m'nyengo yotentha, ndipo mkokomo wake umamveka munthu usanafike. Amalume sanandilole kusambira pakati, ponena kuti dziweli latengapo anthu odziwa kusambira, ndiponso kuti mvula ikagwa pamwamba pa phiri madzi amadzaza mwadzidzidzi ngakhale pansi pano kuli dzuwa. Tinakhala pamwala n'kudya chinangwa chophika ndi nanazi, tikuyang'ana mbira ziwiri zimene zinkawothera dzuwa pa ming'alu ya thanthwe la kutsidya, ndi khungubwe wa khosi loyera amene ankazungulira kudikira kuti tisiye nyenyeswa. Madzi a mtsinje womwewu tsopano amatengedwa m'mapaipi kupita ku Blantyre, kotero kuti munthu wotsegula mpopi m'madera ena a mzinda uja akumwa mvula imene inagwa pa mitengo ya kuno, kaya akudziwa kapena ayi.

Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, sumera m'munsi muno. Kwawo ndi pamwamba pozizira, kufupi ndi nsonga monga Chambe ndi Sapitwa, imene ndi yaitali mamita 3,002. Amalume anandifotokozera kuti pa unyamata wawo ankagona ndi alendo m'tinyumba ta pamwamba pa phiri pakati pa mikungudza ikuluikulu, ndipo ankakumana ndi amuna otsika ndi matabwa pamutu m'njira zoterera zimene ine sindingayende ngakhale chimanjamanja. Lero mitengo yaikulu yatsala yowerengeka chifukwa cha macheka ndi moto wolusa, ndipo imene ikuoneka ndi mbande zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akudzala. Sanalankhule mokwiya, ndipo sanabise kuti ena mwa ocheka matabwawo anali abale athu enieni. Nditawauza kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse, iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Zili bwino, koma akawauzenso a moto aja.”

Pobwerera sitinalankhule zambiri chifukwa mawondo awo anali atatupa, ndipo pa kabaza ndinkawagwirira kumbuyo. Titatsika pa kamlatho kathu dzuwa linali litapendeka, amayi anali atayanika zovala pamwala wa ng'azi uja, ndipo anyamata awiri ankatsuka njinga yamoto pamalo pomwe panali mapazi a katumbu, thovu la sopo likuyandama kutsikira kumunsi. Nantchengwa anali atasunthira patsogolo pang'ono, akuvundulabe matope ake.

Kuyambira tsiku limenelo ndapitako m'mawa kanayi pamodzi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9, amene tsopano amadzuka yekha osadzutsidwa. Tinatola majumbo odzaza thumba limodzi la feteleza pansi pa mlatho, ndipo sabata yotsatira tinapeza ena atabwera ndi madzi. Ndinapempha amayi anga kuti tisiye kulima mizere iwiri ya kumadzi n'kudzalamo nsungwi, ndipo anavomera mzere umodzi wokha, atandifunsa kaye ngati katumbuyo adzawagulire ufa. Katumbu mwiniwakeyo sitinamuonebe. Loweruka lapitali tinafika mochedwa pang'ono, ndipo pamwala paja tinapeza chikamba cha nkhanu chongoswedwa kumene, mwalawo udakali wonyowa pamene nyamayo inakhala. Mwanayo anachikulunga m'tsamba la nthochi n'kuthamanga nacho kukawaonetsa agogo ake.