Envelopu imene inasamutsa mlandu

Mu December 2016 ndinali ku Delhi, ku India, chaka chomaliza cha maphunziro anga a zamalamulo, ndipo masana ndinkathandiza mu ofesi ya loya wina wachikulire. Ntchito yanga inali kunyamula mafayilo. Kunja kunali chifunga, ndalama zamapepala za 500 ndi 1000 rupees zinali zitangothetsedwa, moti ngakhale yolipirira auto, kagalimoto ka hayala ka matayala atatu, inkasowa.

Pa 15 December panayamba kugwira ntchito malamulo osamutsa milandu ya makampani. Khoti lapadera la milandu ya makampani, National Company Law Tribunal (NCLT), linali litatsegulidwa pa 1 June, kulowa m'malo mwa Company Law Board, ndipo gawo 434 la Companies Act ya 2013 linalola kuti lilandirenso milandu ina kuchokera ku High Court. Pa milandu yopempha kuti kampani ithetsedwe chifukwa cha ngongole, nkhani yonse inagona pa funso limodzi: kodi kampaniyo inali italandira kale mapepala a mlandu? Ngati inalandira, mlandu unkatsala ku High Court. Ngati ayi, unkapita ku NCLT n'kukaweruzidwa ndi lamulo latsopano la olephera kubweza ngongole, Insolvency and Bankruptcy Code.

Tinali ndi bambo wina wopanga makatoni. Anapereka katundu ku fakitale ina, osalipidwa, ndipo anapempha High Court kuti ithetse kampaniyo. Ankabwera ndi malisiti ake mu jumbo, atawamanga ndi labala. Abwana anandituma kufufuza umboni woti mapepala anafika. Ndinamasula chingwe cha fayilo, kutembenuza tsamba ndi tsamba, mpaka ndinapeza envelopu ya khaki yosatsegula, yodindidwa kuti yabwerera. Fakitale ija inali itasamutsa ofesi, choncho sinalandire mapepala ndipo mlandu unayenera kupita ku NCLT.

Bamboyo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandifunsa, ponditchula "beta", kutanthauza mwana wanga, ngati ndalama zake zasamukiranso limodzi ndi mlanduwo.

Funso limeneli limandivutabe, chifukwa chimene chinasintha si nyumba yokha. Ku High Court pempho lotere linali chikwapu: makampani ambiri ankalipira msanga kuopa kulengezedwa m'nyuzipepala. M'lamulo latsopano, mlandu ukavomerezedwa, tsogolo la kampani limakhala m'manja mwa komiti ya obwereketsa ndalama, makamaka mabanki. Wopereka katundu ngati iyeyu alibe voti. Tinapatsidwanso masiku 60 okha kuti tipereke zikalata zonse mwatsopano, apo ayi mlandu ufe. Nthawiyo anadzaiwonjezera mpaka 15 July 2017, koma ife tinali titagona kale mu ofesi masiku awiri, ine n'kukapereka mpukutuwo ku NCLT, ku CGO Complex pa Lodhi Road, manja ali gwa ndi chisanu.

Sindikutsutsa cholinga cha lamulo latsopanoli. Kuyesa kupulumutsa kampani ndi ntchito za anthu kuli bwino kuposa kungoikwirira, ndipo milandu yothetsa makampani inkatha zaka zambirimbiri. Mu 2018 lamulo linasinthidwa kuti munthu athe kupempha yekha kusamutsa mlandu, ndipo mu December 2020, pa mlandu wa Action Ispat, Supreme Court inati kusamutsa n'kotheka malinga ngati kampani sinafike posabwererika. Pamenepo woweruza amayeza nkhani yake. Mu 2016 munalibe woyeza. Panali envelopu.

Ndinabwerera kumudzi mlandu wa bamboyo usanathe. Tsiku lotsanzikana anandipatsa kabokosi ka maswiti, katoni yake yopanga yekha.