Ndinaika Ubuntu, Wi-Fi n'kusowa: mmene ndinaibwezera

Laputopu imene ndimalembamo zopereka za bungwe lathu la maliro kuno ku Mufakose, mu Harare, ndi HP yakalekale, ya RAM ya 4 GB. Windows 10 inasiya kulandira zokonza pa 14 October 2025, ndipo purosesa ya makina angawa ndi yokalamba moti Windows 11 singalowe. Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira zamakompyuta m'tauni, anati, "Amalume, musawononge ndalama, ikani Ubuntu." Dzinalo linandigwira mtima, poti ndi umunthu wathu womwewu, umene anzathu Achishona amati hunhu. Pulogalamuyi, imene imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo salipiritsa.

Mnyamatayo anandibweretsera Ubuntu 24.04 pa fulashi ya 8 GB. Fayilo yake ndi pafupifupi 6 GB, choncho musayerekeze kuitsitsa ndi bandulo ya pafoni. Ndinakopera kaye mabuku a bungwe pa fulashi ina, n'kudikira magetsi, amene anabwera cha m'ma 10 koloko usiku. Kuyatsa, kudina F9, kusankha fulashi, kuyankha mafunso. Pa tsamba lina panali kabokosi kofunsa ngati ndikufuna mapulogalamu a makampani ena oyendetsera Wi-Fi ndi zithunzi. Ine n'kuganiza kuti akufuna kunditsatsa malonda, ndinakadumpha. Apo mpamene ndinadziponda ndekha.

Kutacha, zonse zinali bwino, LibreOffice n'kutsegula mabuku athu osataya ngakhale dzina limodzi. Koma pakona yakumanja pamwamba, Wi-Fi kunalibe. Osati kukana kulumikiza ayi, kusoweratu. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, mwaiotcha." Nanenso ndinakhulupirira, moti ndinayamba kuwerengera ndalama ya kombi yopita m'tauni kukagula kachipangizo ka Wi-Fi kobaya pa USB.

Mnyamata uja anandiletsa pa WhatsApp. Anati ndisanagule kanthu, ndiwafunse kaye makinawo kuti muli chiyani m'mimba mwawo. Ndinadina Ctrl, Alt ndi T pamodzi, n'kutseguka chiwindo chakuda chotchedwa Terminal, ndipo ndinalemba:

lspci -nn | grep -i net

Mzere umodzi wokhawu unanditengera mphindi khumi. Chilembo choyambacho ndi l wamng'ono, koma pafoni chimaoneka ngati 1, ndipo kawiri konse makina anandiyankha kuti lamulo lotero saalidziwa. Nako kamzere koimirira pakatipo ndinakasaka pa kiyibodi yonse ngati ndasowetsa singano; kali pamwamba pa Enter, umadina ndi Shift. Yankho litabwera, panali mizere iwiri, wachiwiri ukuti Broadcom BCM43142, ndi nambala 14e4:4365. Ndiye kuti kachipangizoko kanali kamoyo, Ubuntu ikukaona bwinobwino. Chimene chinkasowa ndi dalaivala, kapulogalamu kolankhulitsa kachipangizo ndi makina. Wa mtundu uwu mwini wake ndi kampani, salowa yekha pokhapokha utavomera, ndipo kuvomerako kunali pa kabokosi ndinakadumpha kaja.

Tsono dalaivala ali pa intaneti, intaneti ikufuna dalaivala. Njira yake ndi foni. Umailumikiza ku laputopu ndi chingwe, n'kulowa mu Settings ya Android, pa Hotspot & tethering, n'kuyatsa USB tethering. Kwa ine batanilo linali lotuwa, losadinika. Ndinazimitsa foni, kuyatsa, chimodzimodzi. Vuto linali chingwe: changa chinali chotchajira chabe, chopanda mawaya odutsa data. Nditabwereka cha mwana wanga wamkazi, pompo pakona paja panaoneka chizindikiro cha intaneti ya waya, popanda kuika chilichonse.

Kenako ndinalemba sudo apt update. Ikafunsa pasiwedi, polemba sipaoneka kanthu, ngakhale kadontho. Kiyibodi sinafe, ndi mmene anapangira. Lembani basi, mudine Enter. Zitatha, ndinatsegula Software & Updates, pa Additional Drivers, ndipo dalaivala wa Broadcom anali pomwepo akundidikira. Kumusankha, Apply Changes.

Apa ndiye pofunika kutchera khutu, chifukwa ndinagwanso. Makina anga ali ndi Secure Boot, mlonda amene salola dalaivala wopanda chidindo chodziwika kugwira ntchito. Ubuntu inandiuza kuti ndipange pasiwedi yapadera yogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Ndinapanga, n'kuyatsanso makina, n'kupita kukathira tiyi. Pobwera anali atalowa kale, Wi-Fi kulibebe. Kani poyaka pamabwera tsamba la buluu limene limadikira masekondi ochepa kuti udine batani, ukapanda kutero limadutsa. Mnyamata anaseka pafoni mpaka kutsokomola, kenako n'kunditumizira lamulo loitaniranso tsambalo:

sudo mokutil --import /var/lib/shim-signed/mok/MOK.der

Linandifunsa pasiwedi yatsopano kawiri. Ulendo uno ndinakhala chala chili pa batani. Tsamba la buluu litabwera ndinasankha Enroll MOK, kenako Continue, Yes, pasiwedi ija, n'kumaliza ndi Reboot. Pasiwediyi ikhale yosavuta kulemba, chifukwa napo zilembo sizioneka. Ena amangozimitsa Secure Boot mu BIOS, tsamba losinthira zinthu za makina limene pa HP umalowamo ndi F10 poyatsa, ndipo zimathekadi. Ine sindinafune kuchotsa mlonda pakhomo chifukwa cha mlendo mmodzi, makamaka poti m'makinamu muli ndalama za anthu.

Atayaka, ndinadina pakona paja. Panatsika mndandanda wa maina asanu: yathu, ya aneba a kuseri, ndi ina itatu imene sindinkadziwa n'komwe kuti ili mumsewu mwathu. Ndinabweza chingwe kwa mwini wake, amene anali ataima pakhomo kuyambira kalekale foni yake ili pa 4 peresenti. Loweruka ndikufuna kuyesa pulinta ya bungwe, ndipo tiyi ndidzathira ndisanayambe.